Mbendera za Magulu a Asilikali ndi Dzina la Gondar ku Chipata

1.0 Mawu oyamba

Munthu wokhala ku Nabvutika, imodzi mwa makomboni a mumzinda wa Chipata, akamva dzina loti Gondar saganiza za dziko lakutali. Kwa iye Gondar ndi kumalo a asilikali a kwawo komweko, kumene mwina kuli mlamu wake kapena mwana wa mnansi wake. Dzina la Nabvutika safunsa tanthauzo lake, pakuti ndi Chinyanja chomveka, ndipo kalembedwe kake kakusungabe "bv" amene malamulo a kalembedwe ka Chichewa a ku Malawi adamusiya. Koma Gondar si Chinyanja, si Chingoni, si Chinsenga. Ndi dzina la mzinda wakale wa mafumu kumpoto kwa dziko la Ethiopia.

M'nkhani ino tifuna kulondola njira imene dzinali lidayenda kuti lifike ku Chipata. Njirayo idzera pa mwambo wa mbendera za magulu a asilikali, mwambo umene udabwera kuno ndi Angerezi. Mfundo yathu ndi yakuti mbendera ya gulu la nkhondo ndi cholembedwa, monga momwe buku lilili, ndipo monga cholembedwa chilichonse ili ndi wolemba, ili ndi chiyankhulo, ili ndi zimene idasankha kusunga ndi zimene idasiya. Choncho kuiwerenga si ntchito ya akatswiri a zankhondo okha. Ndi yathunso ife ofufuza ndi ophunzitsa ziyankhulo.

2.0 Mawu akuti mbendera ndi msilikali

Tisanafike pa nsalu yeniyeniyo, tione kaye mawu amene timagwiritsa ntchito. Mawu akuti mbendera ndi obwereka. Gwero lake ndi Chipwitikizi, "bandeira", ndipo m'Chiswahili alimo monga "bendera". Polowa m'chiyankhulo chathu adalandira "m" koyambirira, monga zidachitikira ndi mbatata kuchokera ku "batata", motero adakhazikika m'gulu la mayina monga mbale ndi mbuzi: timati mbendera yathu, mbendera zathu. Mawu akuti asilikali adadzera m'Chiswahili, "askari", kuchokera ku Chiarabu. Makolo athu adamva "a" woyambirirayo ngati mphatikiram'mbuyo wosonyeza kuchuluka, monga mwa alimi ndi alendo, ndipo adapanga okha dzina la mmodzi, msilikali. Kapitawo nayenso ndi wa ku Chipwitikizi.

Mawuwa akutiuza kuti nsalu yopachika pamtengo ndiponso munthu wolembedwa ntchito ya nkhondo pamalipiro zidatifika kudzera kunyanja ya mchere ndi m'chigwa cha Zambezi. Akutiuzanso chinthu china. Ife liwu ndi limodzi: ya dziko ndi mbendera, ya chipani ndi mbendera, ya wothandiza oyimbira mpira ndi mbenderanso. Angerezi amasiyanitsa. Ya gulu la asilikali oyenda pansi amaitchula ndi liwu lakelake, "Colours", ndipo saiona ngati nsalu wamba. M'nkhani ino tiitcha mbendera ya rejimenti, potanthauza gulu la asilikali lokhala ndi dzina, mbiri ndi chizindikiro chake, limene limagawidwa m'mabataliyoni.

3.0 Chiyambi cha mwambowu

Ntchito yoyamba ya mbendera pankhondo inali yosavuta kumvetsa. M'masiku a mfuti za onga, utsi ndi fumbi zinkaphimba bwalo lankhondo, ndipo mawu a mtsogoleri sankamveka. Msilikali wosokonezeka ankayang'ana kumene kuli mbendera ya gulu lake nathamangira komweko. N'chifukwa chake mbendera zakale za Angerezi zinali zazikulu, pafupifupi mamita awiri mbali iliyonse, ndipo n'chifukwa chakenso ankaziyendetsa pang'onopang'ono pakati pa mizere ya asilikali kuti aliyense aidziwe yake. Perete wotchuka wa ku London wa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu adachokera pa chizolowezi chimenechi.

Lamulo la mfumu la m'chaka cha 1751 lidakhazikitsa kuti bataliyoni iliyonse ikhale ndi mbendera ziwiri. Yoyamba ndi ya Mfumu, yosonyeza amene gululo likumutumikira. Yachiwiri ndi ya rejimenti, yosonyeza gulu lenilenilo. M'kupita kwa nthawi adayamba kusokerera pa mbenderazi mayina a malo amene gululo lidamenyako nkhondo, ndipo dzina lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a ku London. Apa ndi pamene nsalu idasanduka cholembedwa.

Mwambo wozungulira mbenderazi uli ngati wa chipembedzo. Zatsopano amazigoneka pa ng'oma zosanjikiza, abusa nazipempherera, asanazipereke. Amanyamula ndi ofisala wamng'ono, motetezedwa ndi masajeni. Zikamadutsa zili zovundukula, aliyense wovala yunifomu amapereka sawatcha. Zikakalamba saziwotcha kapena kuzitaya, koma amakazipachika m'tchalitchi kuti zithe zokha. Magulu ena alibe mbendera: a mizinga amalemekeza mizinga yawo m'malo mwake, ndipo magulu otchedwa Rifles, amene kale ankamenya nkhondo momwazikana ndi mobisala, sankanyamula mbendera konse. Mfundo yotsirizayi tibwereranso nayo.

Chochititsa chidwi n'chakuti mwambo wonyamula mbendera pankhondo udathera kuno ku Africa. Pa 22 January 1879 Azulu adagonjetsa Angerezi pa Isandlwana. Maofisala awiri, Melvill ndi Coghill, adaphedwa m'mbali mwa mtsinje wa Buffalo akuyesa kupulumutsa mbendera ya Mfumukazi ya bataliyoni yoyamba ya rejimenti ya 24. Mbenderayo idakokoloka ndi madzi, nkupezeka patapita pafupifupi milungu iwiri, ndipo lero ili m'tchalitchi cha Brecon ku Wales. Patangopita zaka ziwiri, pa 28 January 1881, rejimenti ya 58 idanyamula mbendera zake polimbana ndi Mabunu pa Laing's Nek, ndipo aka kanali komaliza kuti bataliyoni ya Angerezi itero. Mfuti zinali zitayamba kulasa patali, wonyamula mbendera nkukhala woyamba kugwa. Kuyambira pamenepo mbendera idatsala ndi ntchito imodzi yokha: kukumbutsa.

4.0 Chishango cha Angoni ndi nkhondo ya 1898

Tingalakwe titaganiza kuti dera la Chipata lidayamba kudziwa zizindikiro za magulu a nkhondo Azungu atafika. Angoni adawoloka Zambezi mu November 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo nthambi ya Mpezeni idakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870. Iwo adabwera ndi dongosolo la kumwera loika anyamata a msinkhu umodzi m'gulu limodzi la nkhondo lokhala ndi dzina lake. Kwa Azulu, kumene dongosololi lidalembedwa mwatsatanetsatane, gulu linkadziwika ndi mtundu wa chikopa cha ng'ombe cha zishango zake: zoyera zinali za ankhondo okhwima, zakuda za anyamata. Zishango za nkhondo zinali chuma cha mfumu ndipo zinkasungidwa m'nyumba zapadera. Tikuona apa kuti chishango chinkagwira ntchito ziwiri zija za mbendera, kusonyeza gulu ndi kusonyeza mwini gululo. Kusiyana kwake n'kwakuti mbiri ya gulu sinkalembedwa pachishango. Inkasungidwa m'mayina, m'nyimbo ndi m'zitamando.

Mu January 1898 asilikali a British Central Africa Rifles, ochokera ku Nyasaland, adathira nkhondo Angoni a Mpezeni. M'gululi munali Asikh a ku India ndi Afirika olembedwa ntchito ku Nyasaland, motsogozedwa ndi maofisala a Chingerezi, ndipo anali ndi mfuti za chiwaya ndi mizinga. Angoni adagonja. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondo, adagwidwa nkuwomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala udaleka mpaka pamene udatsitsimutsidwa mu 1980. Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, adakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911.

Tisunge mfundo iyi: gulu limene lidagonjetsa Mpezeni ndilo kholo la mabataliyoni a Nyasaland a King's African Rifles, rejimenti imene idakhazikitsidwa pa 1 January 1902.

5.0 Mbendera za asilikali a kuno

Popeza King's African Rifles inali ndi dzina la Rifles, idakhala zaka zoposa 20 yopanda mbendera. Mabataliyoni ake adaloledwa kukhala nazo mu 1924, itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene asilikali ake adamenya zaka zinayi kum'mawa kwa Africa. Mndandanda wa mayina aulemu a rejimentiyi umayamba ndi Ashanti 1900, pokumbukira asilikali a ku Nyasaland amene adatumizidwa ku dziko limene lero ndi Ghana, kenaka Somaliland 1901 mpaka 1904. A nkhondo yoyamba ndi Kilimanjaro, Narungombe, Nyangao ndi East Africa. Mwa mayina a nkhondo yachiwiri muli Moyale, Tug Argan, Gondar, Kulkaber, Madagascar, Mawlaik, Kalewa, Arakan Beaches ndi Taungup.

Ku Northern Rhodesia ntchito ya usilikali poyamba inali m'manja mwa apolisi. Northern Rhodesia Police inali ndi nthambi ya nkhondo imene idateteza malire a kumpoto pa nkhondo yoyamba, nkhondo imene kuno idatha pamene kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, adatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918. Mu 1933 nthambiyi idapatulidwa nkukhala Northern Rhodesia Regiment. Mawu a pa chizindikiro chake anali a Chilatini, ndipo tanthauzo lake linali lakuti osiyana mitundu koma ofanana pa kukhulupirika. Mbiri ya rejimentiyi idasonkhanitsidwa ndi W. V. Brelsford m'buku la mu 1954.

Pa nkhondo yachiwiri magulu awiriwa adayenda njira imodzi. Kuyambira pa 11 mpaka 15 August 1940, bataliyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment ndi bataliyoni yachiwiri ya King's African Rifles ya ku Nyasaland zidaima limodzi pa mpata wa Tug Argan ku British Somaliland, kutsekereza gulu lalikulu la Ataliyana, mpaka zidalamulidwa kubwerera m'mbuyo. Chaka chotsatira zinthu zidatembenuka. Ataliyana adathamangitsidwa m'madera onse a Ethiopia, linga lawo lomaliza nkukhala Gondar, m'manja mwa kazembe Guglielmo Nasi. Mpata wa Kulkaber udagwa pa 21 November 1941, ndipo pa 27 November asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Africa, pamodzi ndi Aitiyopiya omenyera ufulu wa dziko lawo, adalanda Gondar. Ufumu wa Italy kum'mawa kwa Africa udathera pomwepo. Mu 1944 asilikali a kuno anali ku Burma, kumene adatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ndi malungo mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin, ndipo mu 1945 ena adamenya nkhondo m'dera la Arakan, kufupi ndi Taungup.

6.0 Kuchoka pansalu kupita pachipata

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha kumapeto kwa 1963, asilikali ake adagawidwa. Bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles idakhala Malawi Rifles. Yachiwiri idaperekedwa ku Northern Rhodesia nkukhala bataliyoni yachiwiri ya Northern Rhodesia Regiment, imene idasanduka Zambia Regiment dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964. Motero gulu la nkhondo la Zambia lidalandira cholowa cha mbali ziwiri, cha Northern Rhodesia ndi cha Nyasaland.

Mbendera ya Mfumukazi sikadakhalanso ndi malo m'dziko lodzilamulira lokha, limene tsopano linali ndi mbendera yakeyake yobiriwira yokhala ndi nkhwazi. Mayina ambiri a atsamunda adachotsedwa: Fort Jameson adakhala Chipata, Abercorn adakhala Mbala, Broken Hill adakhala Kabwe. Koma mayina a nkhondo aja sadatayidwe. Lero timawapeza pa zipata za malo a asilikali: Arakan ku Lusaka, m'mbali mwa msewu wotchedwa Burma Road, Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Taung Up ku Mufulira, Gondar ku Chipata. Ku Malawi nakonso kuli Moyale ku Mzuzu, dzina la malo a pamalire a Kenya ndi Ethiopia amene asilikali a ku Nyasaland adawateteza mu July 1940, ngakhale ambiri lero amalidziwa chifukwa cha timu ya mpira.

Tikufuna titsindike kusiyana kumeneku. Dzina la Jameson linkalemekeza mtsamunda, choncho lidachoka. Dzina la Gondar linkakumbutsa ntchito ya asilikali achikuda, choncho lidatsala. Tikaika mayina a malo a asilikaliwa pa mapu a Zambia, tikuona ngati mbendera ya rejimenti yayalidwa padziko lonse, dzina lililonse pa tauni yake. Kale dzinalo linkaoneka pa perete pokha; lero lili pakamwa pa kondakitala wa minibasi ndi mayi wogulitsa pamsika wa Kapata. Koma pochoka pansalu lidasiya nkhani yake m'mbuyo, kotero kuti limatchulidwa tsiku ndi tsiku popanda kukumbutsa kanthu.

7.0 Zimene mbendera siinena

Tikaiwerenga mbendera ngati cholembedwa, tipeza zinthu zinayi zimene idasiya.

Choyamba, mbendera imasunga mayina a malo, osati a anthu. Imati Gondar, koma siitchula mnyamata amene adachoka kumudzi nkukagona m'manda a kumeneko.

Chachiwiri, mbendera imakumbukira onyamula mfuti okha. Pa nkhondo yoyamba, imene anthu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga, ambiri mwa iwo ogwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Wolemba mbiri Melvin Page adasonyeza kuti ku Nyasaland kokha anthu otere adafika pafupifupi 200,000. Analibe rejimenti, motero analibe mbendera. Chipilala cha ku Mbala chimakumbukira amtengatenga a Northern Rhodesia oposa 1,400 amene adafa, koma ndi chiwerengero chabe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka Afirika ndi Aigupto, sadakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sadakumbukiridwe konse.

Chachitatu, mbendera idasankha poyambira. Mndandanda wa King's African Rifles uyamba ndi 1900. Nkhondo ya 1898, imene idasintha moyo wa dera la Chipata kuposa ina iliyonse, palibepo. Amene amaisunga ndi Angoni eni ake, pamene amasonkhana ku Mtenguleni chaka chilichonse mu February atanyamula zishango, natchula dzina la Nsingo. Choncho m'boma limodzi muli njira ziwiri zokumbukira nkhondo, ina ya nsalu ndi zilembo, ina ya chikopa ndi nyimbo, ndipo iliyonse ikusunga chimene inzake idasiya.

Chachinayi, ndipo ichi chikutikhudza kwambiri ife, ndi chiyankhulo. Pa mbendera padalembedwa Chingerezi ndi Chilatini, pamene asilikali oima pansi pake ankalamulidwa, kuimba ndi kucheza m'Chinyanja. Chinyanja ndicho chinali chiyankhulo cha apolisi ndi asilikali ku Northern Rhodesia ndiponso cha mabataliyoni a Nyasaland, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chidazikira mizu ku Lusaka. Komanso, popeza mwambo umati wonyamula mbendera akhale ofisala, ndipo kwa zaka zambiri uofisala unali wa Azungu okha, Mfirika ankangoilondera mbenderayo osainyamula. Mawu aja akuti ofanana pa kukhulupirika sankatanthauza kufanana pa udindo. Mzambia woyamba kutsogolera gulu lonse la nkhondo, Kingsley Chinkuli, adalandira udindowo mu 1970.

Tisaganize kuti anthu wamba adangopenyerera mwambowu. Adautenga nkuusandutsa gule. Beni, amene dzina lake lidachokera ku bandi ya asilikali, adayambira m'matauni a Aswahili m'ma 1890 nafalikira ndi nkhondo yoyamba. Abale ake ndi malipenga, mganda ndi kalela wa ku migodi, amene J. Clyde Mitchell adamufotokoza mu 1956. M'magule amenewa muli mayunifomu, maudindo, mizere ndi perete, koma mfumu ndi maofisala ake ndi anthu a m'mudzi momwemo, ndipo nyimbo zake ndi za m'ziyankhulo zathu. Udindo umene Mfirika adamanidwa pa bwalo la asilikali adadzipatsa yekha pa bwalo la gule.

8.0 Mawu omaliza

Taona kuti dzina la Gondar lidafika ku Chipata kudzera m'mwambo wolemba mayina a nkhondo pa mbendera, ndi kuti mwambowo umasunga malo koma umasiya anthu, amtengatenga, ogonjetsedwa ndi chiyankhulo cha asilikali eni ake. Sitikunena kuti dzinali lichotsedwe. Magazi amene lidagulidwa nawo anali a anthu a kuno. Tikunena kuti cholembedwachi n'chosakwanira, ndipo mbali yotsalayo ili m'manja mwathu.

Amene adamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 atsala pang'ono kutha onse, koma nyimbo zawo, mawu amene adabwera nawo ndi nkhani zimene adasimbira ana awo zikadali m'mabanja. Alipobe amoyo amene adateteza midzi ya m'malire a Chigawo cha Kum'mawa pamene zigawenga za Renamo zinkalowa kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndiponso amene adakasungitsa mtendere ku Mozambique, ku Rwanda, ku Sierra Leone ndi ku Central African Republic. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma mawu osalembedwa amagona limodzi ndi mwini wake.

Tikupempha aphunzitsi a Chinyanja m'sukulu za Chipata, Katete ndi Chadiza kuti ayambe ndi ntchito yaing'ono. Apatse ophunzira mayina awiri, Nabvutika ndi Gondar, kuti akafunse akuluakulu kwawo amene adatcha mayinawo, nthawi yake ndi chifukwa chake, ndiponso ngati m'banjamo mudali wina amene adapita ku nkhondo, kaya ndi mfuti kaya ndi katundu pamutu. Mayankhowo alembedwe m'Chinyanja, dzina la munthu aliyense ndi mudzi wake, ndipo asungidwe pasukulupo.